Makina otsukira a madzi otentha akakana kutenthetsa: zoyang'ana pa burner ya dizilo

Dandaulo lake silisintha. Pampu ikugwira bwinobwino, madzi akutuluka mwamphamvu, koma ozizira. Kapena moto wayaka, koma utsi uli tolotolo, khoma la galaja lada bii, mwini galimoto akutsokomola ali chapatali. Amene amatsuka malole, mathirakitala, injini zodzaza girisi kapena pansi pa malo ophera nyama amadziwa kuti makina amenewa akasiya kutenthetsa, ntchito ya theka la ola imadya m'mawa wonse.

Ambiri amathamangira kugula thiransifoma kapena pampu ya mafuta, zinthu zodula zimene nthawi zina umachita kuitanitsa ku Johannesburg, chonsecho vuto lili mu thanki ya dizilo kapena m'madzi amene akulowa m'makina. Pa vuto lililonse pansipa ndayambira chimene chimachitika kawirikawiri, chosowa chili kumapeto. Musadumphe.

## Mmene moto umayakira

Madzi akachoka mu pampu amadutsa mu koyilo, paipi yachitsulo yokulungidwa mozungulira, ndipo moto umayaka pakati pake kuchokera mu burner, chipangizo chowotcha dizilo. Mota imodzi imazungulitsa fani ndi pampu ya mafuta. Pampuyo imakankha dizilo pa kabowo kakang'ono ka nozulo kuti atuluke mwa nkhungu, fani imabweretsa mpweya, ndipo thiransifoma imakweza magetsi kufika mavoti 10,000 kapena kuposa kuti sipaki idumphe pakati pa timitengo tiwiri tachitsulo totchedwa ma-electrode.

Koma mafuta sadutsa okha. Pali kavalavu ka magetsi, solenoidi, kamene kamatseguka pokhapokha zinthu ziwiri zikavomereza: swichi yomva kuti madzi akuyenda, imene pa makina ena imamva pulesha, ndi thermostat imene imaona ngati madzi sanafike pa kutentha kumene mwasankha. Choncho moto ukakana, funso ndi lakuti chikusowa n'chiyani pa zinayi izi: mafuta, mpweya, sipaki, kapena chilolezo cha maswichi.

## Musanagwire chilichonse

- Zimitsani makina, zulani pulagi kapena chotsani waya wa batire.
- Finyani mfuti, chogwirira chopopera madzi, kuti pulesha yotsala mu paipi ituluke.
- Dikirani koyilo izizire.
- Ikani chozimitsira moto pafupi. Moto wa mafuta suzimitsidwa ndi madzi.
- Yeserani makina panja kapena pamalo podutsa mphepo. Burner yosayaka bwino imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha.
- Mu thanki ya burner mulowe dizilo, kapena palafini ngati buku la makina anu likulola. Petulo ayi, ngakhale pang'ono. Pa makina oyendera injini ya petulo pamakhala mathanki awiri, ndiye lembani pa zivundikiro kuti anyamata ogwira ntchito asasokoneze.

## 1. Burner siyikuyaka

Tcherani khutu kaye. Fani ikulira kapena ili zii? Yankho lake ligawa ntchito pawiri.

### Fani ili zii

1. Swichi ya burner ndi thermostat. Onani kuti zayatsidwa ndipo thermostat siyili pa ziro.
2. Fyuzi yapsa, kapena batani lofiira la pa mota latumphuka. Likanikizeni kamodzi. Likatumphukanso, pali chimene chikulemetsa mota, musalikakamize.
3. Magetsi achepa. Makina oyendera injini nthawi zambiri amakhala ndi burner ya 12V, ndipo batire lofooka kapena lamba wolefuka wa alternator, chotchajira batire, amaimitsa zonse. Pa makina a 230V, jenereta yaing'ono kapena waya wautali wopyapyala amachita chimodzimodzi.
4. Mawaya odyedwa ndi makoswe, kapena polumikizira padzimbiri.
5. Pampu ya mafuta yakakamira. Magetsi atazimitsidwa, zungulitsani fani ndi chala. Ikakana, kawirikawiri ndi pampu imene yachita dzimbiri chifukwa cha madzi a m'dizilo, makamaka makina akakhala miyezi osagwira ntchito.
6. Capacitor, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira, kapena mota yeniyeniyo yapsa. Iyi ndi ya katswiri wa magetsi.

### Fani ikuzungulira koma moto palibe

Mafuta atha, kapena mpweya walowa mu paipi. Makina ena amazimitsa burner mafuta akatsika kwambiri ngakhale pansi pa thanki pakuoneka otsala. Ngati thanki inaumiratu, mu paipi mwalowa mpweya. Pa pampu zambiri pali kasikulu kotulutsira mpweyawo: kamasuleni pang'ono, ikani kachitini pansi, yatsani mpaka mafuta atuluke opanda thovu, kenaka mangani.

Fyuluta yatsekeka, kapena m'dizilo muli madzi. Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri a makina amenewa kwathu kuno. Mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, tonse timagula a m'zigubu, ndipo chigubu chimene dzulo chinatungira madzi lero chanyamula dizilo. Ena amasunga mafuta mu mgolo wosatseka bwino, dzinja lonse mvula ikudonthera. Thanki yokhala theka nayonso imachita thukuta m'kati usiku kukazizira. Injini ya lole imapirira pang'ono chifukwa ili ndi mafyuluta aakulu ndi cholekanitsira madzi, koma kabowo ka nozulo ya burner n'kakang'ono kwambiri moti kamchenga kamodzi kamakwanira kukatseka.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani mafuta apansi penipeni pa thanki, athireni mu botolo lagalasi loyera, muliike pansi kwa mphindi khumi. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye mudzawaona atakhala pansi ndi mzere woonekeratu pakati. Mafuta akaoneka a mtambo kapena muli zotsetsereka zakuda, nawonso ndi oipa. Mukapeza zimenezi khuthulani thanki yonse, itsukeni ndi dizilo woyera, sinthani fyuluta, ndipo tsegulani pampu muyeretse kasefa kamene kali m'kati mwake. Kungosintha fyuluta yokha n'kusiya thanki momwemo n'kutaya ndalama, pakatha sabata mubwerera pomwepo.

Maswichi sakupereka chilolezo. Finyani mfuti, mnzanu aike khutu pafupi ndi solenoidi. Iyenera kulira kuti tha! Ikapanda kulira, yambirani ku madzi: kodi akulowa okwanira? Kasefa ka polowera madzi katsekeka? Paipi yapindika? Nozulo ya ku mfuti ikaperepeseka, pulesha imatsika, ndipo makina omvera pulesha saloleza moto. Makina ena a Kärcher HDS amakananso kuyatsa mankhwala oteteza laimu (zoyera zolimba zimene madzi amasiya m'mapaipi) akatha mu kabotolo kake, ndiye onani magetsi ochenjeza amene ali pa bolodi.

Nozulo ya burner yatsekeka. Musailowetse singano kapena waya. Kabowoko kanapangidwa mwa muyezo, mukakakanda mafuta amatuluka mokhota. Ingosinthani. Pa nozulo pamalembedwa manambala monga 1.50 ndi 60°, kenaka chilembo. Nambala yoyambayo ndi magaloni a ku America pa ola pa pulesha ya 100 psi, ndiye 1.50 ndi pafupifupi malita 5.7, yachiwiri ndi kukula kwa mmene mafuta amamwazikira, chilembo chimanena maonekedwe a nkhunguyo. Samalani ndi chilembocho, chifukwa B wa Delavan ndi B wa Danfoss satanthauza chinthu chimodzi. Pitani ku shopu ndi yakaleyo m'manja.

Ma-electrode. Akadzaza mwaye, sipaki imathawira kwina. Apukuteni ndi kansalu kouma, ndipo yang'anitsitsani mbali yoyera yadothi imene yawakuta. Kamng'alu kochepa kamakwanira kutayitsa magetsi onse. Mpata wa pakati pa nsonga zake pa burner zambiri umakhala mamilimita 3 mpaka 4, koma tsatani buku lanu, chifukwa kutalikirana kwawo ndi nozulo nakonso kuli ndi muyezo.

Solenoidi yapsa. Ngati mita yoyezera magetsi ikuonetsa kuti magetsi akufika koma siyikulira, sinthani kakoyilo kake.

Cholumikizira mota ndi pampu chathyoka. Ndi kachidutswa kapulasitiki kapena karabala. Fani imazungulira mosangalala pomwe pampu yaima, ndipo pa kasikulu ka mpweya sipatuluka kanthu. N'kotchipa, koma funsani chimene chakathyola, nthawi zambiri ndi pampu yolimba.

Thiransifoma. Iyi ili kumapeto dala. Amakaniko ena amaiyesa poyandikiza sikuludiraiva kuti aone sipaki. Musatengere. Mavoti 10,000 pamalo ponyowa si masewera.

Chenjezo: moto ukakana kawiri, lekani kuyeserera. Nthawi iliyonse imene solenoidi yatseguka popanda moto, dizilo amasonkhana pansi pa koyilo n'kunyowetsa zotchingira kutentha. Sipaki ikadzagwira, onsewo amayaka pamodzi. Tsegulani, pukutani, ndipo dikirani kuti kuume.

## 2. Utsi wakuda ndi mwaye

Utsi wakuda umatanthauza chinthu chimodzi: mafuta achuluka kuposa mpweya. Burner yoyaka bwino imatulutsa kautsi pang'ono poyamba penipeni, kenaka pa chumuni pamangooneka kunyezimira kwa kutentha.

1. Fumbi pa fani ndi polowera mpweya. Mu September ndi October fumbi limamatirira pa mapiko a fani, makamaka pamalo pomwe pali mafuta. Yeretsani ndi burashi.
2. Chotsegulira mpweya chasuntha kapena sichinachunidwepo. Onani pansipa.
3. Mwaye wadzaza pakati pa mizere ya koyilo. Utsi ukasowa njira, mpweya watsopano sulowa, mwaye n'kuwonjezekabe.
4. Nozulo yatha kapena si ya muyezo wake. Wina akaika yaikulu pofuna madzi otentha kwambiri, zotsatira zake ndi utsi basi.
5. Dizilo wosakaniza ndi oyilo wakale. Ena amachita dala pofuna kupulumutsa ndalama. Burner iyi siyinapangidwire zimenezo.
6. Mota ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa magetsi achepa. Ngati utsi umabwera mukalumikiza ku jenereta pokha, vuto mwalipeza.
7. Chumuni chatsekeka ndi chisa, chiguduli kapena chivundikiro cha mvula chimene chaiwalika.
8. Pulesha ya pampu ya mafuta yasokonekera. Imafuna geji, ndiye ndi ya katswiri.

Nkhani ya mpweya ili ndi mbali imene ogulitsa makina satchula kawirikawiri. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Mzuzu kuposa 1,200, Dedza pamwamba kuposa pamenepo. Pa mamita 1,000 mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi. Burner imene inachunidwa ku fakitale kapena m'mbali mwa nyanja monga ku Durban, ikafika kuno imapopa mafuta omwewo koma mpweya wake wachepa. N'chifukwa chake makina atsopano enieni amatha kufuka tsiku loyamba, mwini wake n'kumaganiza kuti amugulitsa chinthu chowonongeka. Ku Nsanje kapena Chikwawa, kumene kuli kotsika, vutoli silioneka kwenikweni.

Pochuna, lembani kaye ndi maka pomwe chotsegulira chili. Makina akuyenda, mnzanu atafinya mfuti, tsegulani pang'onopang'ono n'kumadikira masekondi angapo mpaka utsi uthe, kenaka onjezerani pang'ono chabe n'kumanga. Musatsegule zonse poganiza kuti mpweya wambiri ndi wabwino: umaziziritsa lawi, umalikankhira kutali ndi nozulo, ndipo m'mawa burner imavuta kuyaka.

Mwaye umachotsedwa ndi burashi yawaya mutachotsa burner ndi chivundikiro chapamwamba. Valani chotseka mphuno ndi pakamwa, chifukwa zoyera zonga thonje zotchingira kutentha zimatulutsa fumbi loipa m'mapapo. Zikanyowa ndi dizilo kapena zikafumbutuka, sinthani.

## 3. Utsi woyera, fungo la dizilo, kapena kulira kuti phuu poyaka

M'mawa wa June ndi July pa chumuni pamatuluka nthunzi yoyera imene imasungunuka msanga ndipo siyiwawa m'maso. Imeneyo siyovuta. Utsi woyera umene ukununkha dizilo n'kumatulutsa misozi ndi mafuta amene sanapse.

1. Madzi m'dizilo. Lawi limathetheka n'kumadukiza. Yesani ndi botolo lija.
2. Mpweya ukulowa mu paipi ya pakati pa thanki ndi pampu. Mbali imeneyi imayamwa, ndiye pobooka sipadontha mafuta, pamangolowa mpweya. Yang'anani thovu mu fyuluta yoonekera m'kati, mangani zomangira, sinthani paipi youma.
3. Chotsegulira mpweya chatseguka kwambiri.
4. Sipaki yofooka kapena ma-electrode osunthika. Mafuta amayamba kutuluka, moto n'kugwira mochedwa, ndiye kuphulikako.
5. Solenoidi siyikutseka bwino. Makina atazima, nozulo imangodonthabe, ndipo mawa lake mumayamba ndi utsi ndi phokoso.
6. Pampu ya mafuta yatopa, dizilo akutuluka mwa madontho akuluakulu.

Kuphulika kukachitika kuposa kamodzi, imitsani makina mpaka aonedwe. Kumamasula zomangira ndi kung'amba zotchingira kutentha.

## 4. Moto ukuyaka koma madzi angofunda

Musanaimbe mlandu makina, werengerani. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna pafupifupi 4.2 kJ. Makina otulutsa malita 15 pa mphindi, kuti akweze madzi kuchoka pa 20°C kufika pa 80°C, amafuna pafupifupi 63 kW. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu pafupifupi 10 kWh, ndipo kutentha kwina kumathawira pa chumuni, ndiye makina otere ayenera kudya malita pafupifupi 7 pa ola moto ukamayaka osalekeza. Chiwerengero chimenechi n'chothandiza. Ngati anu akudya ochepa kwambiri, mafuta sakufika okwanira. Ngati akudya mokwanira koma madzi sakutentha, kutentha sikukulowa m'madzi, ndipo wolakwa ndi mwaye kunja kwa koyilo kapena laimu m'kati mwake.

1. Thermostat yaikidwa pansi.
2. Fyuluta kapena nozulo yatsekeka pang'ono, lawi lachepa.
3. Mwaye pa koyilo.
4. Laimu mu koyilo. Onani gawo 7.
5. Madzi olowa azizira kwambiri, monga a mu thanki yapamwamba m'nyengo yozizira. Burner imawonjezera kutentha kwa muyezo umodzi, ikayambira pansi imatheranso pansi. Ngati makina anu ali ndi chochepetsera madzi, chepetsani pang'ono.
6. Wina anaika pampu ya madzi yaikulu kuposa imene burner inapangidwira.
7. Thermostat yawonongeka, ikudula moto msanga.

## 5. Imayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima

Ngati madzi afika pa kutentha kumene mwasankha, kuzima n'kuyakanso ndi ntchito ya thermostat, palibe cholakwika. Vuto ndi pamene ikuzima madzi asanatenthe.

- Madzi akuchepa. Akumpopi akafooka masana, kapena thanki ikatsala pang'ono, swichi imadula moto. Izi zimachitika kwambiri kuposa zonse.
- Diso loona moto lada. Burner zina zili ndi kadiso koyang'ana lawi. Kakakutidwa ndi mwaye, moto umayaka masekondi ochepa n'kuzimitsidwa. Kapukuteni ndi kansalu kofewa.
- Kabowo kopumira pa chivundikiro cha thanki katsekeka. Chizindikiro chake: imayaka bwino mphindi zingapo kenaka n'kufa. Masulani chivundikiro. Mukamva kuti fyuu, moto n'kubwerera, ndi chimenecho.
- Nozulo ya ku mfuti yatsekeka pang'ono. Madzi amayenda ochepa, amatentha msanga, thermostat n'kudula.
- Waya wolefuka amene amagwedezeka injini ikamalira.

## 6. Mwasiya mfuti koma moto sukuzima

Ili ndiye loopsa kuposa onse. Madzi ataima mu koyilo moto ukuyakabe amasanduka nthunzi, pulesha imakwera, ndipo chimene chiphulike ndi paipi imene ili m'manja mwa munthu. Zimitsani swichi ya burner nthawi yomweyo. Pampu ikuyendabe, lozetsani mfuti pansi kutali ndi anthu, finyani mpaka madzi atuluke ozizira. Poyamba pangatuluke nthunzi yowotcha, gwiritsitsani ndi manja awiri.

Zoyambitsa zake ndi izi: swichi ya madzi yakakamira chifukwa cha dzimbiri kapena laimu, wina anailumphitsa ndi waya, valavu ya unloader, imene imabweza madzi mukasiya mfuti, yawonongeka, kapena solenoidi yakakamira chotsegula.

Za kulumphitsa swichi ndinenepo. Zimachitika kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kasitomala akudikira, swichi yatsopano kulibe m'tauni, ndiye munthu amalumikiza mawaya awiri n'kunena kuti ndi za lero lokha. Waya ameneyo sachokanso. Amene anamuika amadziwa kuzimitsa burner asanasiye mfuti, koma mnyamata wolembedwa mwezi wamawa sadziwa. Ngati mwagula makina akale, tsegulani bokosi la magetsi muone ngati mulibe waya wachilendo wotere musanawapereke kwa antchito. Makina a vutoli asagwire ntchito ndi moto mpaka atakonzedwa. Tsukirani madzi ozizira.

## 7. Pulesha yatsika, mfuti ikulavula timiyala toyera

Suzumirani mu ketulo imene mumawiritsira madzi a pamalo panu. Ngati pansi pake pamera zoyera zolimba, zomwezo zikumera mu koyilo, ndipo mwachangu kuposa, chifukwa mumadutsa malita mazanamazana pa ola. Madzi a pa mjigo ndi a pachitsime ndi amene amakhala ndi laimu wambiri. Laimu amayamba kumatirira kwambiri madzi akapitirira 60°C. Amachepetsa njira ya madzi, amatchinga kutentha, chitsulo cha koyilo n'kumapsa mpaka kubooka.

Poyesa, chotsani nozulo ya ku mfuti, burner ili yozima, finyani n'kuyang'ana geji ya pa pampu. Njira ikakhala yotseguka, geji iyenera kutsika kwambiri. Ikakhalabe pamwamba, pali chotchinga pakati pa pampu ndi mfuti, ndipo mukatsimikiza kuti si paipi kapena mfuti, ndi koyilo.

Kutsuka laimu kumafuna asidi wopangidwira ntchito imeneyi:

- Burner ikhale yozima, koyilo yozizira, nozulo yochotsa.
- Valani magolovesi arabala ndi magalasi oteteza maso.
- Thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, mu ndowa yapulasitiki.
- Zungulitsani mankhwalawo mu koyilo n'kubwerera mu ndowa monga mwa malangizo a pa botolo, mpaka thovu litasiya. Musatseke potulukira, chifukwa pamatuluka mpweya.
- Tsukuluzani ndi madzi ambiri musanayatse moto.
- Zotsalazo musathire mu ngalande yopita kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.

Asidi wa mu batire la galimoto musamuyerekeze. Dziwaninso kuti koyilo yakale kwambiri imatha kuyamba kudontha ikatsukidwa, chifukwa laimu ndi amene anali atatseka timabowo ta dzimbiri. Koyilo yotsekeratu, yoti madzi sakudutsa n'komwe, asidi sangaithandize.

Kupewa n'kotchipa kuposa zonsezi. Girisi ndi oyilo wa pa galimoto amachoka bwino pa 60°C ndi sopo woyenera, palibe chifukwa choikira thermostat pamapeto tsiku lonse. Ngati makina anu ali ndi kabotolo ka mankhwala oteteza laimu, monga RM 110 wa Kärcher, kasamaume. Ndipo pomaliza ntchito zimitsani burner kaye, mupitirize kufinya mfuti mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka madzi azizire, kenaka muzimitse pampu. Madzi otentha akagona mu koyilo amasiya laimu usiku uliwonse.

## 8. Pansi pa makina pakudontha

Dizilo akapsa amatulutsa madzi, pafupifupi lita pa lita. Utsi wonyowawo ukakhudza koyilo yozizira umasanduka madontho, ndiye kudontha pang'ono poyamba ntchito m'mawa si vuto. Kuti musiyanitse, zimitsani burner, dikirani kuume, yendetsani pampu ndi madzi ozizira okha. Kukapitiriza kudontha, onani zolumikizira za polowera ndi potulukira. Zikakhala zouma, koyilo yabooka.

Musapite nayo kwa wowotcherera zitsulo wa m'mbali mwa msewu. Makina amenewa amagwira pa pulesha ya 150 mpaka 200 bar, ndipo chitsulo chikabooka pamodzi ndiye kuti chapyapyala paliponse. Valavu yoteteza pulesha ikamadontha musaitseke ndi bawuti, pezani chimene chikukweza pulesha. Chodonthacho chikakhala dizilo, musayatse makina mpaka mutapeza pomwe akuchokera.

## Nthawi yoitana katswiri

- Moto sukuzima mukasiya mfuti.
- Lawi likutuluka pa chumuni kapena m'mbali mwa burner, kapena penti ya kunja yapsa.
- Utsi sukutha ngakhale mwasintha nozulo, mwayeretsa ndi kuchuna mpweya.
- Fyuzi ikupsa mobwereza, kapena makina akugwira anthu shoko.
- Pakufunika kuyesa thiransifoma, kuchuna pulesha ya pampu ya mafuta, kapena kusintha koyilo.
- Wogwira ntchito akumva mutu, chizungulire kapena nseru makina akamayaka. Mutulutsireni panja msanga, mupite naye kuchipatala, ndipo muwauze kuti anapuma utsi.

Posankha munthu, funsani amene amakonza ma-boiler kapena ma-burner a m'mafakitale, m'mabekale ndi m'mahotela. Makaniko wa galimoto amadziwa dizilo, koma kuchuna lawi ndi luso lina, ndipo wodziwa ntchitoyi amabwera ndi geji ya mafuta, osati maso okha. Musanamuitane mutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya makina, chithunzi cha manambala a pa nozulo, ndi kanema wamfupi wa utsi ndi phokoso, mumuuzenso zimene mwayesa kale ndi kumene munagula mafuta omaliza. Pa shelefu yanu pazikhala fyuluta ya mafuta, nozulo ya muyezo wa makina anu, ma-electrode awiri, cholumikizira pampu ndi mafyuzi, ndipo nozulo ndi fyuluta muzisintha kamodzi pachaka ngakhale zikuoneka zabwino, kawiri ngati mumagula dizilo wa m'zigubu.